Mlimi wa ku Morgon amene anasiya mankhwala, vinyo wake n'kutchuka

Anthu achikulire a m'maboma a Angónia, Tsangano ndi Macanga akamva mawu akuti vinyo, amakumbuka chibotolo chija cha malita 5, cholukiridwa ngati dengu, chimene chinkakhala pa shelefu ya kantina m'nthawi ya Apwitikizi. Vinyo akatha, chibotolocho chinkasungira palafini kapena kachasu kwa zaka zambiri. Ena amakumbuka chikho cha wansembe pa Misa, kapena ukwati wa ku Kana. Koma za mlimi amene amalima mphesazo, amene sagona tulo mitambo ya matalala ikadera, ndi ochepa amene anazimvapo.

Nkhani ya sabata ino ndi ya mlimi mmodzi wotere, malemu a Marcel Lapierre a m'mudzi wa Villié-Morgon, m'dera la Beaujolais, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 50 kumpoto kwa mzinda wa Lyon m'dziko la France. Bambowa anachita chinthu chimene anzawo ambiri anachiyesa misala. Pamene aliyense m'deralo ankathamangira feteleza, mankhwala opha udzu ndi yisiti ya m'paketi, iwo anazisiya zonsezo nabwerera ku njira za agogo awo, akudziwa bwino lomwe kuti zikavuta ataya zokolola za chaka chathunthu.

Mbewu imene mfumu inaithamangitsa

Beaujolais ndi dera la mapiri ang'onoang'ono. Kumpoto kwake, kumene kuli Morgon, nthaka ndi yosauka, ya mchenga wofiirira wochokera ku miyala yofumbutuka. Mlimi wa chimanga ataiona nthakayo akhoza kungopukusa mutu. Koma mpesa ndi mbewu yachilendo: ukaubzala pa nthaka yachonde umabereka kwambiri koma mphesa zake zimakhala za madzimadzi, pamene pa nthaka youma umazika mizu kutali n'kubereka zochepa koma zokoma.

Mtundu wa mphesa umene amalima kumeneko umatchedwa Gamay. Ndi mphesa zakuda kunja, za madzi oyera mkati, ndipo zimapatsa vinyo wofiira wopepuka, wowawasirako pang'ono. Mbewu imeneyi ili ndi mbiri yake. M'chaka cha 1395 mfumu Philippe le Hardi ya dera loyandikana nalo la Bourgogne inalamula kuti mipesa ya Gamay izulidwe m'minda ya m'dziko lake, ponena kuti ndi mbewu yoipa ndi yosakhulupirika imene inkaononga mbiri ya vinyo wa kumeneko. Mbewuyo inakapeza malo kumwera, pa miyala ya Beaujolais, ndipo ili komweko mpaka lero.

Banja la a Lapierre lakhala likulima ku Villié-Morgon kuyambira m'nthawi ya agogo awo a Marcel. Iwo anabadwa m'chaka cha 1950 ndipo analandira munda kwa bambo awo, a Camille, m'chaka cha 1973. Lero munda wa banjali sufika mahekitala 20. Kwa munthu wa kuno amene amalima hekitala imodzi kapena ziwiri ndi khasu, umenewo ndi munda waukulu ndithu. Koma pa malonda a vinyo, pamene makampani ena amagula mphesa za alimi mazanamazana, umenewu ndi munda wa banja basi.

Nthawi ya mankhwala

A Marcel anayamba ulimi pa nthawi imene zinthu zinali zitasintha kwambiri. Kupalira munda wa mpesa wa pa phiri ndi ntchito yoswa msana. Ku Beaujolais mipesa amaibzala mothinana, kuyambira 8,000 mpaka 10,000 pa hekitala, ndipo uliwonse umaima paokha ngati kachitsamba kafupikafupi, kotero kuti thirakitala wamkulu sangadutse. Waganyu ku France ndi wodula. Tsono pamene mankhwala opha udzu anafika m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, alimi anawalandira ndi manja awiri. Ntchito ya masabata angapo inkatha m'masiku ochepa. Feteleza anachulukitsa zokolola.

Kenaka panabwera malonda a vinyo watsopano wotchedwa Beaujolais Nouveau. Uyu ndi vinyo amene amagulitsidwa patangopita masabata ochepa chikololereni, ndipo kuyambira m'chaka cha 1985 tsiku lake lotulukira ndi Lachinayi lachitatu la mwezi wa Novembala. Amalonda monga a Georges Duboeuf analengeza vinyoyu padziko lonse, mpaka ndege zinkanyamula mabotolo kupita ku Japan ndi ku America kuti akafike pa tsikulo. Ndalama zinalowa m'midzi. Koma kuti vinyo akhale atapsa pa tsiku loikika, alimi ambiri ankathyola mphesa zisanapse bwino, n'kuthiramo shuga kuti mphamvu ikwane, n'kuonjezamo yisiti yogula kuti kuwira kufulumire, pomaliza n'kuthira sulufule kuti vinyo asaonongeke pa ulendo. Yisiti ina imene inatchuka nthawi imeneyo inkachititsa vinyo kununkhira ngati nthochi, chipatso chimene sichimera n'komwe kumeneko.

Amayi ofulula mowa kuno sangadabwe nazo zimenezi. Amadziwa kusiyana kwa mowa wa chimera chabwino umene wapsa pa masiku ake, ndi uja wothamangitsidwa ndi shuga kuti ugulitsidwe Loweruka.

A Marcel nawonso anayamba ndi njira zatsopanozo, monga anaphunzirira kusukulu ya zaulimi. Chimene chinawavuta n'chakuti vinyo amene ankapanga sankawakomera iwo eni monga ankawakomera wa bambo awo. Mlimi amene sakonda kudya za m'munda mwake ali pa vuto, ngakhale msika ukugula.

Mphunzitsi wa ku La Chapelle-de-Guinchay

Pafupi ndi kwawoko, m'tauni yaing'ono ya La Chapelle-de-Guinchay, munkakhala mkulu wina dzina lake Jules Chauvet, amene anabadwa m'chaka cha 1907 ndi kumwalira m'chaka cha 1989. Mkuluyu anali wogulitsa vinyo, komanso katswiri wa sayansi amene anatha moyo wake akufufuza ndi makina oonera tizilombo momwe madzi a mphesa amawirira. Chiphunzitso chawo chinali chakuti yisiti yofunika ilipo kale pa khungu la mphesa ndi m'nyumba yofululira, ndipo mlimi akasamala munda osapha zamoyo za m'nthaka, akathyola mphesa zakupsa ndi zopanda chilema, akasunga ukhondo, sasowa kugula chilichonse chothira m'vinyo.

Apa pali mfundo imene anthu ena amaiphonya. A Chauvet sanali munthu wodana ndi sukulu kapena sayansi. Ankanena kuti wofuna kusiya mankhwala ayenera kudziwa zambiri kuposa wothira mankhwala, chifukwa alibe chomubisira zolakwa zake.

Kuyambira m'chaka cha 1981 a Lapierre anayamba kutsata malangizo a mkuluyu. Posakhalitsa anzawo atatu a m'dera lomwelo anagwirizana nawo: a Jean Foillard, a Guy Breton ndi a Jean-Paul Thévenet. Wamalonda wina wa ku California, a Kermit Lynch, amene ankagula vinyo wawo n'kukagulitsa ku America, anawapatsa dzina loti Gulu la Anthu Anayi, ndipo dzinalo linakhazikika. Mutu umodzi susenza denga: anayiwa ankalawirana vinyo ndi kuuzana pamene zalakwika, pa nthawi imene ambiri m'mudzimo ankangowayang'ana cham'mbali.

Kumunda

Kusiya mankhwala opha udzu kunatanthauza kubwerera ku pulawo ndi khasu. Kusiya feteleza kunatanthauza manyowa, ndi kuvomereza zokolola zochepa. Nyengo za kumeneko ndi zotembenuka poyerekeza ndi kuno: amadulira mipesa m'miyezi yozizira ya Disembala mpaka Malichi, imaphuka mu Epulo, ndipo amakolola cha mu Seputembala. Mipesa yambiri ya banjali yapitirira zaka 50. Mpesa wokalamba subereka kwambiri, koma eni ake sauzula msanga chifukwa mphesa zake ndiye zokoma koposa.

Owerenga asaganize kuti munda wopanda mankhwala a m'fakitale sapoperamo kanthu. Mpesa uli ndi mdani wamkulu, matenda a nkhungu ya pa masamba amene amabuka mvula ikachuluka. Matendawa ndi a mtundu umodzi ndi chiwawu chimene chimapsereza mbatata ya kachewere ndi matimati kuno m'mapiri. Polimbana nawo, alimi a ulimi wachilengedwe amaloledwa kupopera sulufule ndi madzi obiriwira aja a mkuwa wosakaniza ndi laimu, amene anatulukiridwa ku Bordeaux m'zaka za m'ma 1880. Vuto lake n'lakuti mvula ikagwa imatsuka mankhwalawo, mlimi n'kubwereza kupopera. Vuto lina n'lakuti mkuwa suola, umaunjikana m'nthaka. N'chifukwa chake kuyambira m'chaka cha 2019 malamulo a mayiko a European Union salola kupitirira makilogalamu 28 a mkuwa pa hekitala m'zaka 7, ndiye kuti makilogalamu 4 pa chaka. M'chaka cha mvula yambiri mlimi wotere amayenda pa ulusi.

Ndiye pali chisanu ndi matalala, zimene sizisankha munda. Mu Epulo 2021 chisanu chinagwa pa minda ya mpesa pafupifupi m'dziko lonse la France mphukira zitatuluka kale. Alimi anachezera usiku akuyatsa moto m'zitini pakati pa mizere kuti afunditse mbewu, komabe zokolola za dzikolo chaka chimenecho zinali m'gulu la zochepetsetsa pa zaka zambiri. Wa ku Tsangano amene anadzukapo m'mawa wa Juni n'kupeza dimba lapserera ndi chisanu akudziwa momwe mtima umachitira.

Momwe vinyoyu amapangidwira

Apa ndiye pagona nkhani. Mphesa zimathyoledwa ndi manja, tsango ndi tsango, ndipo othyola amachotsa iliyonse yowola kapena yoboola mbalame asanaponye m'bokosi. Kusankha kumeneku si mwambo chabe. Mphesa yowola imanyamula tizilombo tosandutsa vinyo kukhala viniga, ndipo popanda sulufule palibe chotiletsa.

Matsangowo saponda kapena kusinja. Amawathira athunthu m'thanki yaikulu, atawaziziritsa. Mphesa za pansi zimaphulika ndi kulemera kwa zinzake, madzi ake n'kuyamba kuwira okha ndi yisiti ya chilengedwe. Mpweya umene umatuluka powirapo, womwe uja umachititsa thovu pa mbiya ya mowa, umadzaza thankiyo n'kukankhira kunja mpweya wamba. Tsono mphesa za pamwamba, zomwe zidakali zathunthu, zikasowa mpweya zimayamba kusintha mkati mwa khungu lake: gawo la shuga limasanduka mowa pang'ono, kuwawasa kumachepa, ndipo mtundu wofiira wa khungu umalowa m'kati mwa chipatso. Zimakhala choncho kwa masabata awiri kapena atatu. Kenaka amazifinya, madziwo n'kumaliza kuwira, ndipo vinyo amakagona m'migolo yakale ya matabwa kwa miyezi pafupifupi 9. Amasankha migolo yakale dala kuti fungo la thabwa lisaphimbe fungo la mphesa.

Njira imeneyi ndiyo imachititsa vinyoyu kukhala wopepuka. M'khungu ndi m'njere za mphesa muli chinthu chija choumitsa m'kamwa, chimene munthu amachimva akaluma nthochi yosapsa kapena akamwa tiyi wowirira wopanda shuga. Vinyo wofiira wolemera amakhala nacho chambiri chifukwa mphesa zosinjidwa zimaviikidwa nthawi yaitali m'madzi ake. Wa ku Morgon uyu amakhala nacho chochepa. Mtundu wake ndi wofiira woonekera, woti ukakweza tambula kudzuwa kuwala kumadutsa, ndipo amanunkhira ngati zipatso zongothyola kumene. Eni ake amamwa atamuziziritsa pang'ono, pa chakudya cha masana, ndi nyama ya nkhumba kapena soseji. Banjali lili ndi vinyo wina wopepuka koposa, wa mipesa yaing'ono, wotchedwa Raisins Gaulois.

Kupepukako ndi kwa pakamwa chabe. Mphamvu ya mowa m'vinyoyu ndi magawo 12 kapena 13 pa 100 alionse, kuposa kawiri mowa wa m'botolo wa m'sitolo. Ena amanena kuti vinyo wopanda sulufule sapweteka mutu m'mawa, koma chopweteka mutu chachikulu ndi mowa weniweniwo, ndipo umenewo ulimo. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linanena m'chaka cha 2023 kuti palibe muyeso wa mowa umene tinganene kuti suononga thupi. A Lapierre anachotsa mankhwala m'vinyo, sanachotsemo kuledzera.

Pamene zimavuta

Sulufule ndi mlonda wa vinyo. Anthu akhala akumugwiritsa ntchito kwa zaka mazana ambiri, kuyambira pa kufukiza migolo ndi utsi wake, chifukwa amapha tizilombo toipa ndi kuteteza vinyo kuti asasukuluke ndi mpweya. Malamulo a ku Ulaya amalola mamiligalamu 150 pa lita ya vinyo wofiira wamba, ndi mamiligalamu 100 pa lita ya vinyo wa ulimi wachilengedwe. Kuchotsa mlondayu ndiko kusiya nkhokwe yosatseka. Yisiti ya chilengedwe nthawi zina imachita ulesi, kuwira n'kuima pakati shuga asanathe, tizilombo tina n'kulowerera. Vinyo akhoza kusasa, kununkha ngati khola, kapena kuyambanso kuwira ali kale m'botolo. Zikatero ntchito ya miyezi 12 yapita, ndipo mpesa subereka kawiri pa chaka.

Otsutsa njira imeneyi ali ndi mfundo zawo, ndipo si zonse zachabe. Pamene vinyo wachilengedwe anatchuka m'malo odyera a ku Paris, London, New York ndi Tokyo, panabuka anthu ena otsanzira amene anatenga theka la chiphunzitso. Anasiya sulufule koma sanatenge ukhondo ndi kusamala kwa a Chauvet, ndipo vinyo wawo woonongeka ankamugulitsa ponena kuti ndi mmene chilengedwe chimakomera. Kachasu wopserera sasanduka wabwino chifukwa chakuti masau ake anali a m'tchire. A Lapierre eni ake sanali ouma mutu pa nkhaniyi: vinyo wopita kutali, kapena kwa wogula wopanda malo ozizira osungira, ankamuthira sulufule pang'ono pomuika m'botolo.

Msika utagwa

Zaka zimene anayiwa ankasekedwa, malonda a Beaujolais Nouveau anali pachimake. Koma ogula anatopa naye vinyo wofanana chaka ndi chaka. Malita pafupifupi 10 miliyoni a vinyo wa m'chaka cha 2001 anasowa wogula, ndipo anatayidwa kapena kutumizidwa kokatcheza spiriti. M'chaka cha 2009 bwalo la milandu la ku Villefranche-sur-Saône linalipitsa chindapusa alimi pafupifupi 50 chifukwa chothira shuga wopitirira muyeso wa lamulo. Mitengo inagwa, ndipo mabanja ambiri anazula mipesa yawo. Dera limene linali ndi mahekitala oposa 20,000 a mpesa latsala ndi osakwana 15,000.

M'nthawi yomweyo vinyo wa a Lapierre ndi anzawo aja ankachita kulimbiranidwa. Lero botolo limodzi la Morgon wa banjali limagulidwa pa ma euro oposa 20, ndiye kuti meticais oposa 1,000, kangapo kuposa Beaujolais wamba wa m'sitolo. Dzina la dera lonse, limene linali litanyozeka, linadzukanso makamaka chifukwa cha alimi ang'onoang'ono otere ndi achinyamata amene anaphunzira kwa iwo.

Mlimi wa chimanga wa m'malire muno, amene chaka ndi chaka amadandaula ndi mtengo wa thumba la feteleza, asafulumire kunena kuti nayenso angosiya. Mpesa sudya zambiri m'nthaka, chimanga ndi chadyera. Wolima mphesa za vinyo amagulitsa kukoma, ndipo akakolola theka akhoza kukweza mtengo kawiri ngati dzina lake likudziwika. Wa chimanga amagulitsa pa sikelo kapena pa chitini, ndipo wogula safunsa kuti munda unadyetsedwa chiyani. A Lapierre anapulumuka chifukwa anali ndi botolo lolembedwa dzina lawo ndi ogula okhulupirira dzinalo. Akadakhala ogulitsa mphesa kwa kampani pa kilogalamu, njira yawoyo ikadawasaukitsa.

Komanso nkhani ya zothira m'vinyo si yachilendo m'dziko muno. M'nthawi ya atsamunda, boma la Apwitikizi linkapondereza zakumwa zofululidwa m'midzi, makamaka kumwera kwa dziko, pofuna kutsegulira msika vinyo wochokera ku Portugal. Vinyo wopita m'makantina a anthu akuda anali wotsika, wosukulutsidwa ndi madzi ndi wolimbitsidwa ndi spiriti. Wolemba mbiri José Capela anafotokoza zimenezi m'buku limene linatuluka m'chaka cha 1973, chaka chomwe a Marcel ankalandira munda kwa bambo awo.

Lero ku Villié-Morgon

A Marcel Lapierre anamwalira mu Okutobala 2010 ndi matenda a khansa ya pakhungu, ali ndi zaka 60, kukolola kwa chaka chimenecho kutangotha. Munda uli m'manja mwa ana awo, a Mathieu ndi mlongo wawo a Camille, amene anatenga dzina la agogo awo aamuna.

Kwa zaka zambiri mawu akuti vinyo wachilengedwe analibe lamulo, aliyense ankangowatchula. M'chaka cha 2020 akuluakulu a boma la France anavomereza chizindikiro chotchedwa Vin Méthode Nature, chimene alimi eni ake anakonza. Wofuna kuchimata pa botolo ayenera kulima mphesa mwa njira yachilengedwe yovomerezeka, kuthyola ndi manja, kusathira yisiti yogula kapena china chilichonse, ndipo sulufule asakhalemo wothira, kapena asapitirire mamiligalamu 30 pa lita. Si alimi onse a njirayi amene analowa m'chizindikirochi. Ena amati dzina lawo ndi lokwanira.

Mdani watsopano ndi kutentha. M'chaka cha 2003 kunatentha kwambiri kotero kuti ku Beaujolais anayamba kukolola pakati pa Ogasiti, ndipo zaka zotentha zotere zakhala zikubwera pafupipafupi. Dzuwa likachuluka mphesa zimadzaza shuga, shuga akachuluka mowa umakwera, ndipo vinyo wopepuka uja amayamba kulemera. Mphesa zotentha zikalowa m'thanki, tizilombo toipa timathamanga kuposa yisiti. Makolo awo ankavutika kudikira kuti mphesa zipse, ana akuvutika kuthyola zisanapsetse, ndipo tsiku loyamba kukolola amalisankha poyenda m'mizere m'mawa uliwonse akulawa.

Kumbuyo kwa botolo la Morgon wa banjali kumalembedwa chilembo chimodzi chaching'ono. Chilembo S chimatanthauza kuti muli sulufule pang'ono, ndipo botololo likhoza kupirira ulendo. Chilembo N chimatanthauza kuti mulibe chothira chilichonse, ndipo botolo lotere liyenera kusungidwa pa malo osapitirira madigiri 14, kuchokera m'nyumba ya mlimi, m'galimoto, m'sitima, mpaka pa tebulo la womwa. Pa kutentha kwa mumzinda wa Tete m'mwezi wa Okutobala, botolo la N silingachedwe kuonongeka.